Zelifa ndi Bokosi la Alamu Ake

Pa 4 Malichi 1996, bungwe lina la ufulu wachibadwidwe lidakhoma chidziwitso cha zidindo ziwiri pa mtengo wa mango wa pamsika wa Benga. Chidati dera lililonse lidzakhala ndi mlangizi wa zamalamulo, kuti wosauka asamaopenso khoti. Wofuna ntchitoyo aphunzire chaka chimodzi kudzera pa positi ku koleji ina ya ku Blantyre, ndipo akhale ndi keyala yodalirika. Mawu akuti "yodalirika" adawadula mzere kunsi.

Zelifa Sailesi, mayi woyanika usipa wa kwa Mwadzama, adachiwerenga kawiri dengu lili pamutu. Sukulu adalekezera Fomu 2. Mwamuna wake atamwalira, achimwene a malemuyo, a Layson, adanyamula bwato ndi ukonde anthu asanamete n'komwe. Zelifa ankafuna ntchitoyo kuti tsiku lina adzaime pamaso pa majisitireti, pepala lake lili m'manja, awatchule dzina.

Vuto lidali keyala. Mudzi wonse, tchalitchi ndi timu ya mpira yomwe, ankalandirira makalata m'bokosi limodzi la kupositi. Kiyi wake ankalendewera pa lamba wa a Layson omwewo, omwe adali kalaliki wa khoti la mfumu mpaka matipate atalitseka. Pafomu Zelifa adalemba monga alembera aliyense kumeneko: dzina lake pamwamba, la mwini bokosi, a Layson, pansi.

Phunziro loyamba lidafika envulopu yake itamatidwanso ndi phala.

"Alamu, kalata yangayi yatsegulidwa."

"Mphemvu za ku Blantyre zimenezo," adatero a Layson. "Komatu funso lachitatulo musalimbane nalo. Mutu wanuwo ndi wa usipa."

"Mphemvuzo zawerenganso mafunso?"

"Ine ndalemba milandu zaka makumi awiri, mayi. Malamulo sayanika padzuwa."

Phunziro la chuma cha masiye lidagona kwa a Layson milungu isanu, n'kubwera lopanda tsamba lachinayi. Zelifa adakwera matola mpaka kuboma kukakopera tsambalo kwa mnzake wa kozi yomweyo. Mayankho ankalembera pathandala la usipa, dzanja lina likuingitsa akhwangwala, ndipo ankakaponya yekha. Mphunzitsi wina adalemba ndi inki yofiira kuti: "Mayankho abwino, koma pepala likununkha."

Zelifa adakhoza. Mu Epulo 1997 a Layson adamuitanitsa kuti adzaone satifiketi. Adaipeza ili kale m'galasi, pakhoma lawo. Wotayipa kukolejiko adali atatenga dzina lapansi, loyandikana ndi nambala ya bokosi.

"Mudatenga bwato, mudatenga ukonde," adatero Zelifa. "Lero mukuba ndi mutu wanga womwe?"

"Kuba? Werengani dzinalo, alamu. Paja si ndinu ophunzira?"

Kutacha Zelifa adalawirira ku ofesi ya bungwe lija kuboma, atamanga m'chitenje mapepala ake onse khumi ndi awiri ochongedwa. Bwana wa pamenepo adamupatsa mpando, adamumvetsera mpaka kumapeto, adapukusa mutu m'malo onse oyenera. Adati nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni zedi, koma iwo amalemba ntchito dzina lomwe lili pa satifiketi. Kenaka adamulimbitsa mtima kuti masiku ano kuli ufulu: madandaulo otere akawatule kwa mlangizi wa zamalamulo wa m'dera lake, ndipo n'zaulere.

Mlangizi wa kwa Mwadzama adayamba ntchito pa 2 Juni. Ndi a Layson, ndipo madandaulo amamva Lachiwiri ndi Lachisanu.