Ndege Imene Ndinaifulatira

Masiku asanu ndinaima pa chionetsero cha ndege ku Dubai, ndipo masiku onsewo ndegezo zinali kumbuyo kwanga.

Ndinachoka ku Zomba nyuzipepala imene ndinkaijambulira zithunzi itatsekedwa. Ntchito imene inapezeka inali yaulonda, pa hotela ina ku Al Barsha, mu Dubai momwemo. Kamera ndinanyamulabe. Bambo, amene pa unyamata wawo ankakonza mainjini a ndege za asilikali za mapulopela awiri, anandipempha chinthu chimodzi chokha.

"Ukakaiona yonga yathu ija, ukandijambulire. Kuno zinatha."

Zaka ziwiri ndinaona chitseko cha hotela, basi ya kampani ndi chipinda chogona amuna asanu ndi mmodzi. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse. Mauthenga a Bambo sankafunsa za ndalamazo. Ankafunsa za ndege.

Kampani yathu itapeza ntchito yolondera chionetserocho, ndinachita kuchonderera kuti andiikemo. M'mawa wa tsiku loyamba kapitawo wathu anadutsa ndi bokosi: mafoni onse umo, kamera ayi ndithu. Lamulo lachiwiri ndilo linandipweteka. Mlonda amayang'ana anthu, sayang'ana ndege, chifukwa amene angalumphe chingwe ndi munthu.

Anandiika pa chingwe chotchinga ndege yeniyeni imene Bambo ankainena. Ndinaiona kamodzi pofika: mphuno m'mwamba, mchira pansi, mapulopela awiri. Kenako ndinaifulatira. Alendo ankandikodola kuti ndisendere uko, ati ndikuwawonongera chithunzi. Ambiri ankajambula moyang'anizana ndi dzuwa. Ndinkadziwa kuti zithunzizo zituluka zakuda, koma mlonda saphunzitsa mlendo.

Mwale, mnzanga wa ku Zambia amene anaima pafupi nane, ankandiseka.

"Mudala, tiyeni, cheukani chabe. Khosi si la kampani."

Ndinacheuka. Kapitawo anandiona, nandiuza kuti ndikabwereza ndikalondera magalimoto kunja kwa mpanda. Sindinabwerezenso.

Masana aliwonse ankailiza ndegeyo. Inkatsokomola kawiri, fungo la mafuta n'kutikuta, kenako kugunda kwake n'kumandilowa mumsana.

Tsiku lomaliza anatibwezera mafoni ndege ataikoka kale. Ndinajambulira pa zenera la basi. Unatuluka mchira wokha, wosaoneka bwino. Munthu amene ndinadyera kamera zaka zambiri, chithunzi chotere sindikanachitumiza. Ndinangowauza Bambo kuti ndidzabwera nacho.

Nditafika kumudzi pa tchuthi ndinawapeza pakhonde, maso onse awiri atayera ndi ng'ala. Amayi anati anandibisira kuti ndisamade nkhawa kutali. Ndinawapatsa foni Bambo. Anaigwira chozondotsa, n'kuiika pamwendo.

"Inalira bwanji?"

Ndinawafotokozera: kutsokomola, fungo, kugunda.

"Inkayamba injini iti?"

Ndinatseka maso. Khutu limene linkayamba kumva ndinkalikumbuka bwino.

"Yakumanja, Bambo. Masiku onse."

"Ndiye oilizawo ankaidziwa ntchito, imayamba yakumanja," anatero, akugwedeza mutu. Anandifunsanso zina mpaka tiyi anazizira, ndipo zonse ndinayankha, ine amene ndegeyo sindinaipenye ngakhale mphindi imodzi yathunthu.

Kuchipatala akuti adzawachotsa ng'alayo mwezi wamawa. Ine ndidzakhala nditabwerera pa chitseko cha hotela. Chithunzicho ndachitsukitsa, ndawasiyira Amayi. Bambo akadzayamba kuona, adzaona mchira wokha.