Mabuloko a Pansi pa Mulu

Edwell Kamwendo sanali munthu wolota zazikulu. Anzake ankalota minibasi, ena golosale, koma iye ankafuna chinthu chimodzi basi: nyumba yakeyake, yoti tsiku la maliro anthu adzapeze polirira.

Maganizo amenewa anawatola pa maliro a bambo ake. Mkuluyo anachoka ku Nyasalande ali mnyamata kudzagwira ntchito ya panjanji kuno kudziko la eni, ndipo anamwalirira m'kachipinda ka lendi ku komboni ya Chawama. Mwini nyumba anakanitsitsa kuti maliro achitikire pakhomo pake, ati alendi ena angathawe. Azimayi analirira m'mbali mwa msewu, mawilibala a makala akuwadutsa. Manyazi a tsiku limenelo sanamuchoke Edwell mpaka imvi.

Atabwerako ku manda anang'amba pepala la thumba la simenti n'kulembapo ndi pensulo zinthu zinayi: puloti, mabuloko 900, malata, kulowa. Pambali pa chilichonse analemba chaka ndi mwezi wake. Pepalalo analikhomera kuseri kwa chitseko, ndipo mkazi wake Elesi ankaseka kuti mwamuna wake amalipatsa moni m'mawa asanapatse moni anthu.

Puloti anaipeza ku Kanyama, kumene madzi a mvula amasowa kolowera chifukwa pansi ponse ndi thanthwe. Ankadziwa zimenezi, nanga ndani sadziwa? Koma kumeneko n'kumene dzanja lake linafika. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito pa fakitale ina ya mipando, ndipo mwezi ukatha ankagula thumba limodzi la simenti, kubwereka chikombole, n'kuumba mabuloko makumi atatu. Ankawathirira madzi sabata yathunthu ngati mbewu za kudimba. Anali mabuloko enieni, oti ukagogoda ndi fosholo ankalira ngati chitsulo. Akauma ankawasanja pakona ya puloti, atsopano pamwamba pa akale.

Kenako dziko linatembenuka. Ufa unayamba kufoleredwa, mitengo inkasintha munthu ali pamzere, ndipo tsiku lina ogwira ntchito anapeza geti la fakitale lomangidwa ndi tcheni. Edwell anagula wilibala n'kuyamba kunyamulira anthu katundu ku msika wa Kamwala. Elesi anakhala pansi m'mbali mwa msewu ndi nyundo, n'kumaswa miyala yogulitsa. Simenti tsopano inkagulika kamodzi pa miyezi iwiri.

Munthu wina akanatenga pensulo n'kusuntha chaka. Osati Edwell. Pepala linkati mabuloko makumi atatu pa mwezi, ndiye thumba limodzi liyenera kubala makumi asanu ndi limodzi. Anawonjezera mchenga. Mulu unkakwerabe monga kale, ndipo mwezi uliwonse ankachonga kuseri kwa chitseko mtima uli m'malo. Apa ndi pamene munthuyu amandikwiyitsa, chifukwa sanali chitsiru. Pepala lija analilemba kuti limutsogolere, koma linayamba kumulamula.

Elesi, amene manja ake ankadziwa mwala, anakanda buloko limodzi ndi chikhadabo, mchenga n'kuyoyoka.

"Batate bake Marjory, aya mabuloko yali monga buledi," anatero.

Edwell anati adzalimba akawombedwa ndi dzuwa. "Yazakosa na zuba, bamake Marjory. Osavutika."

"Zuba si simenti. Tilindileko chabe chaka chimozi, nyumba siizathaba."

"Batate banga naonso benzokamba ati chaka chamailo. Munaona kwamene tinabalilila."

Elesi anabweza bulokolo pamulu. Nkhani ikafika pa maliro aja, inkathera pomwepo.

Malata anawapeza akale, obooka pang'ono, ndipo pepala linkati kulowa ndi Novembala. Edwell anaitana a Kasoma, mmisiri wachikulire wa kutchalitchi kwawo, amene anavomera kumanga Loweruka lililonse. Tsiku loyala mzere woyamba, a Kasoma anaima m'ngalande ya maziko n'kutambasula manja, Edwell n'kumawapatsira mabuloko kuchokera pamulu. Ndipo pamulu munthu amayambira pamwamba.

A Kasoma analitembenuza buloko loyamba m'manja, nkhope ili yokayika.

"Ba Kamwendo, yonse yali so?"

"Yapansi ni yokosa maningi."

"Manje yokosa ndiye yafunika kuno pansi. Pasulani mulu."

Edwell anayang'ana mulu uja, wotalika kuposa iye. Kuupasula ndi kuusanjanso kukanadya Loweruka lonse, mwina awiri, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana chakumadzulo. Anati pulasitala idzatseka zonse. A Kasoma anapukusa mutu n'kupitiriza, poti nyumba sinali yawo. Motero mabuloko a mchenga, a zaka za njala, anapita pansi, ndipo olimba aja a masiku a fakitale anakwera pamwamba ndi kulemera kwawo konse.

Analowa pa 28 Novembala. Edwell anachonga mzere womaliza, n'kukhomera pepala lija kuseri kwa chitseko chatsopano. Mwana wawo Marjory anabwera kuchokera ku Kabanana kumene anakwatiwa, atanyamula nkhuku. Elesi anazira pansi, n'kupachika makatani amene anawasunga m'sutikesi zaka zisanu. Kunena zoona, anali osangalala. Kwa miyezi iwiri ndi theka palibe amene anawagogodera pakhomo kuwakumbutsa kuti nyumba ndi ya eni.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi osapumira. Kanyama yense anasanduka dambo, zimbudzi zinasefukira, anthu ankayenda pamiyala yoponyedwa m'madzi nsapato zili m'manja. Kwa Edwell madzi anazungulira nyumba n'kukhazikika, akunyambita mizere iwiri yapansi. Pulasitala ija inali isanachitike, inkadikira simenti.

Lachinayi m'mawa Edwell anaona mng'alu pakona ya chipinda chogona. Anaukhudza ndi chala n'kunena kuti adzaumata Loweruka. Anatenga wilibala yake n'kupita ku Kamwala, pakuti mvula kapena ayi, munthu amadya. Elesi anatsala akukapa madzi m'chipindamo ndi ndowa.

Anthu oyandikana nawo amati sipanamveke phokoso lalikulu. Khoma linangokhala pansi ngati munthu wotopa, n'kugwera mkati. Pamene mnzake wa wilibala anamupeza Edwell masana aja, atasenza mabelo a salaula, zovala zakaunjika zija, anthu anali atamutulutsa kale Elesi ndipo anali atamufunditsa chitenje mpaka kumutu.

Nyumba yolirira panalibe. Mayi wina woyandikana nawo, bamake Mwewa, anatulutsa mipando yake panja n'kulola azimayi kulowa kwake. Azibambo anakhala m'mbali mwa msewu, pamalo okwera pang'ono pomwe madzi sanafike. Poti pansi panali matope, anthu anapita pabwinja paja kukatola zokhalira. Mabuloko apansi anali atasungunuka ngati phala, koma apamwamba aja anagwa osasweka ngakhale limodzi, ndipo ndi amene anawandandalika mumsewu.

Edwell anakhala pa limodzi mwa iwo, maso ali pansi. Wilibala ya makala inadutsa, woikankha n'kuvula chipewa. Pafupi naye panakhala bambo wina wa ku Matero, mnansi wa mwamuna wa Marjory, amene sankadziwa kuti nyumba inagwa bwanji. Pofuna kungothetsa chete, bamboyo anagogoda ndi mphete buloko limene anakhalira, ndipo linalira ngati chitsulo.

"Aya mabuloko ni yokosa, mudala. Munagula kuti?"

A Kasoma anayang'ana kumbali. M'nyumba ya eni muja azimayi anayambanso nyimbo, mawu a Marjory akumveka pamwamba pa onse.

"Ninaumba neka," anatero Edwell.