Chikwama cha Kumsana

Nditapeza ntchito ku Lusaka, pa sitolo ina yogulitsa mankhwala, ndinalibe chikwama china kupatula cha m'manja chakuda chimene ndinkapita nacho kutchalitchi. Ndi chomwecho ndinkanyamuka nacho m'mawa uliwonse kwathu ku Nangongwe, kuyenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, n'kukwera minibasi. Ndinkakanikizamo zonse: yunifolomu, nsapato zosinthira, ambulera, botolo la madzi ndi kakontena ka chakudya chamasana. Zipi sinkatsekeka n'komwe. Pofika madzulo phewa lamanja linkakhala litauma, moti povula bulauzi ndinkachita kuitana amuna anga kuti andithandize.

Tsiku lina minibasi inagwera m'dzenje titangodutsa Chilanga, kakontena kaja n'kutseguka. Msuzi wa nyemba unanyowetsa yunifolomu yanga yoyera. Tsiku lonselo ndinagwira ntchito nditavala jekete la mnzanga wapantchito, kunja kukutentha, thukuta lili kamukamu. Poweruka mnzangayo anati, "Ba sisi, gulani chabe chola cha kumsana. Muzapwetekeka na ichi."

Amai anga ankakhala nafe kuyambira pamene atate anamwalira. Madzulo amenewo tikudya nshima ndinawafotokozera zonse, ndikuseka, kenako ndinati Loweruka ndikagula chikwama cha kumsana.

"Mzimayi wamkulu ngati iwe?" anatero Amai. "Anzako kumsana amabereka ana, iwe ukabereke makontena?"

Tinali titakhala m'banja zaka zingapo popanda mwana, ndipo nkhani imeneyi sitinkaitchula pachakudya. Amuna anga anangoyang'ana m'mbale. Amai anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Ine ndinadzuka n'kuyamba kutsuka mapoto, ngakhale anthu anali asanamalize kudya.

Masiku otsatirawo ine ndi Amai tinkangopatsana moni basi. Za chikwama ndinazisiya, ndinapitiriza ndi chakuda chija.

Loweruka m'mawa Amai anagogoda kuchipinda kwathu atavala kale chitenje chawo chopitira kokayenda, m'manja muli pepala lapulasitiki lotupa. "Tiye kumsika," anatero. Ndinadabwa, chifukwa mawondo awo ankavuta ndipo kutauni sankapita wambawamba. Tinayenda pang'onopang'ono.

Kumsika tinapita kumbali ya salaula, kumene amagulitsa zovala ndi zikwama zogwiritsidwapo kale ntchito. Bambo wina anali ataunjika zikwama pa tenti, zina atazikoleka pa misomali. Ine maso anga anagwera pa chofiira, chokhala ndi tizitsulo tonyezimira. Amai anagwira zingwe zake, zopyapyala ngati za nsapato, n'kupukusa mutu. "Izi zizakudula mapewa."

Kenako anamasula pepala lawo lija. Munali kakontena kanga, ambulera, nsapato ndi botolo lodzaza madzi. Anali atazitenga m'chikwama changa ndisakudziwa. Chikwama chilichonse chimene wogulitsa ankatipatsa, iwo ankalongamo zinthuzo, n'kundikhazika pa kampando kake kuti ndichiike pamiyendo monga mmene ndimakhalira mu minibasi. China chinali chachikulu kwambiri, chikanamagunda munthu wokhala pambali panga. China thumba la foni linali kunja, poyera, ndipo ine ndinawauza mmene anthu amapanikizirana pa siteshoni ya ku Lusaka. China zipi inkagwira pakati.

"Ba mayo, muzaniyesera shopu yonse lelo," anatero wogulitsa uja akuseka.

"Ngati wathamangira kwina, tiuze tipite kwa anzako," anayankha Amai osamuyang'ana n'komwe.

Pomaliza anatulutsa chotuwa, chosaoneka bwino, chimene chinali pansi pa mulu. Zingwe zake zinali zotambalala ndi zofewa. Pansi chinali ndi chipinda chapadera, pomwe kakontena kanakwana bwinobwino osakhudzana ndi zovala. Pambali panali poika botolo, ndipo kathumba ka foni kanali mkati, mbali yotsamira msana. Amai anatsanulirapo timadzi kuti aone ngati tilowa. Tinangotsetsereka n'kugwa pansi.

"Tembenuka," anatero. Anandiveka okha, n'kuyamba kukoka zingwe kuti chikwere m'mwamba chisamalendewere. Atamaliza sanachotse manja pamapewa panga. Ndinamva akupuma kumbuyo kwanga.

"Mwana wanga, mawu aja anangonipulumuka," anatero motsitsa.

Wogulitsa uja anayamba kukonza mulu wake ngati sakumva. Ine ndinangoti, "Ndamva, Amai."

Tinagula chikwamacho. Pobwerera mawondo anawavuta Amai, tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi njanji. Pamenepo ndi pomwe anandiuza zimene ndinali ndisanamvepo. Iwonso atakwatiwa anadikira nthawi yaitali ine ndisanabadwe. Apongozi awo ankawatumizira mizu yoti amwe, ndipo tsiku lina pamaliro mlamu wawo anawalanda khanda limene ananyamula, ati munthu wosabereka sadziwa kugwira mwana.

"Ndiye ine amene nidziwa mmene zimawawira," anatero, "n'kukamba zija kwa iwe."

Ndinawagwira dzanja. Tinakhala pamenepo mpaka miyendo yawo inapepuka, kenako tinanyamuka, ine chikwama chili kumsana, iwo atatsamira mkono wanga.

Lolemba ndinapita nacho kuntchito. Mu minibasi chinakhala pamiyendo bwinobwino, ndipo poyenda manja onse anali omasuka, moti mvula itayamba ndinkagwira ambulera osavutika. Phewa linapola patapita milungu ingapo. Kutchalitchi azimayi ena ankandiseka kuti ndabwerera kusukulu, koma sizinandikhudze kwenikweni.

Mwana sanabwerebe mpaka lero. Timapita kuchipatala, timapempheranso. Masiku ena ndimalimba mtima, masiku ena ayi. Koma Amai anasintha. Akabwera azimayi apafupi kudzandiuza za mneneri wina kapena mankhwala ena oti ndiyese, Amai amawadula mwaulemu, n'kuwafunsa za mitengo ya tomato, kenako amawaperekeza okha mpaka pageti.