Kukafukiza nkhope ku Mtendere

Kutatsala masabata awiri kuti ndikwatiwe, nkhope yanga inali ngati msewu wa kwathu ku Chawama nthawi ya mvula: ziphuphu apa, zipsera zakuda apo. Chifukwa chake ndinkachidziwa, mafuta oyeretsa khungu amene ndinadzola zaka zitatu, koma ndinkangokwirira ndi paudala. Msuweni wanga atandiuza za kanyumba ka nthunzi ka ku Mtendere, kamene amati sauna, Loweruka ndinalawirira mtima uli dyokodyoko.

Seveni koloko inandipeza m'minibasi ya m'tauni, K15, titapanikizana anayi pampando wa atatu. M'tauni ndinagula zitumbuwa ziwiri zotentha n'kukwera ina yodutsa ku Kalingalinga, kumene akalipentala andanda m'mbali mwa msewu. Bedi la ukwati ndinasankhiratu ndi maso. Mayi wogulitsa makala amene ndinakhala naye atamva kumene ndikupita, anaseka mpaka kutsokomola. Anati ngati ndi thukuta ndikufuna, ndikawasenzere matumba awo, ndikhetsa laulere.

Cha m'ma teni ndinatsika pamsika wa ku Mtendere n'kufunsira njira kawiri. Kanyumbako kanali ka matabwa, kuseri kwa saluni, ndipo fungo la bulugamu linandilandirira pageti. Mwini wake, bana Mwape, mayi wa ku Kitwe wosataya mawu, anandisambitsa kumaso kaye. Kenako anati ndikhalemo mphindi khumi zokha, ndizimwa madzi.

Kutentha kwake, abale! Thukuta linayenderera mpaka m'zala, thupi lonse n'kupepuka, ndipo ndinayamba kuimba ndekha nyimbo zolowera mkwati. Tsono kwathu tikamafukiza ndi bulangete, amati wovundukula msanga matenda satuluka, umapirira mpaka mphika uzizire. Ine ndinatengera zomwezo. Bana Mwape atagogoda ndinati ndikutuluka, atagogodanso ndinangosendeza nkhope pafupi ndi miyala yotentha yotulutsa nthunziyo. Masaya anayamba kunyerenyetsa ngati ndapaka tsabola, ine n'kumakondwa kuti zipsera zikusungunuka.

Bana Mwape anatsegula okha chitseko n'kundikokera panja. Anandikhazika pampando, kundiika nsalu yonyowa kumaso, kenako n'kundipatsa galasi. Pakhosi ndi m'mikono khungu linali lofewa, losalala bwino. Koma masaya anali psuu, ndipo zipsera zonse zinalipo, zowerengeka.

"Mami, nthunzi ichosa chabe dothi na kufewesa nkhanda," anatero, akuloza khungu langa. "Vibala ivi ni vamafuta yamene muzola. Yasiyeni, muyende ku kiliniki. Mukapitiliza, nkhanda izang'ambika."

Ndinakhumudwa, sindibisa. Ndinatulutsa paudala m'chikwama, koma anandigwira dzanja kuti khungu lipume kaye. Choncho ndinakwera mabasi awiri aja nkhope ili poyera, kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu, ndikudikira kuti wina andiloze. Palibe anandiyang'ana kawiri, aliyense anali ndi zake. Pofika pa Kalingalinga ndinali nditatsegula windo kuti kamphepo kandiwombe, ndipo ndinaphunzira kuti wamantha ndi nkhope imeneyi ndinali ine ndekha.

Ndinafika ku Chawama dzuwa litapendeka. Amayi anali pakhonde akusoka mpendero wa diresi langa la ukwati. Anandiyang'anitsitsa, zipsera ndi zonse, n'kuika singano pansi.

"Iyi ndiye nkhope yamene ninabala," anatero. "Ukapeleke yamene iyi ku chalichi."