Wonga wa m'nyanga ndi nsidze zanga

Kuno ku Pangani, kumene ndimakhala tsopano, amwenye akayamba kuphulitsa makombola a chikondwerero chawo, anzanga amatseka mawindo. Ine ndimatsegula, chifukwa fungo la utsiwo limandibweza ku Mchinji, chaka chimene nguluwe zinatsala pang'ono kutimalizira chinangwa.

Chimanga chinali chitapsa ndi dzuwa, moti tonse tinkangodalira chinangwacho. Bambo anali ndi gogodela, mfuti ija yothira wonga kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo. Koma inali itawachititsa manyazi. Tsiku lina kumunda analoza nguluwe n'kukoka, mfutiyo inangotsokomola, nguluwe n'kupitiriza kufukula ikuwayang'ana. Mayi anaseka mpaka kukhala pansi, ngakhale onse tinkadziwa kuti ikakananso, njala itipeza.

Wonga unalipo wamitundu iwiri. Wina unali wonyezimira, umene anagula kwa munthu wa ku Chipata, ndi umene unali mumfuti tsiku lamanyazilo. Wina unali wakale, wa m'nyanga ya ng'ombe yopachikidwa kudenga la khitchini. Bambo anati maso anawanamiza, tsopano moto ndiwo uweruze. Anatsina pang'ono uku ndi uku n'kuika pa khasu. Wabwino, anatero, umayaka kamodzi osasiya mwaye.

“Iwe, tenga chikuni.”

Ine! Osati achimwene, koma ine! Ndinathamanga mpaka kupunthwa pa mtondo.

Wa ku Chipata unangolira fwee, n'kusiya phala lakuda. Bambo anamutukwana wogulitsayo pamodzi ndi njinga yake yomwe. Pa wachiwiri ndinaweramira pafupi kuti ndione bwino. Phuu! Nditatsegula maso, achimwene anali akugubuduka ndi phwete.

“Ndi umenewu!” Bambo anakuwa akundigwedeza mapewa, asanandione n'komwe kumaso.

“Abambo ake, mwana mwamuwaula ngati mbewa!” Mayi anatero akundipukuta ndi chitenje. Nsidze zonse zinali zitapita.

M'mawa mwake mfuti inalira kumunda, mudzi wonse unamva, nguluwe imodzi n'kugwa. Ndinapita kusukulu nkhope ili mbee, ndikuyenda monyang'wa, ndipo aliyense wondiseka ndinkamufunsa ngati kwawo adya nyama. Nguluwe sizinabwerenso, chinangwa chinatifikitsa ku dzinja.

Lero gogodela anakaipereka kupolisi kalekale, ndipo pamunda paja anamangapo nyumba. Ana anga nguluwe amaziona atakhala m'galimoto kupaki ya nyama zakutchire, n'kumati ndi zokongola. Sindiwatsutsa. Iwo sanagonepo akudziwa kuti chakudya chawo chikudyedwa kumunda.