Wazinga ndani mbuziyi?

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, amene anakwatira ku Ntaja. Nditalemba mayeso a JC ndinakhala chaka chathunthu kwathu ku Phalula ndikulemba makalata opempha ukalaliki, osayankhidwa. Malume anamva kuti Che Saidi, mwini butchala ya pamsika, akufuna munthu wodziwa kuwerenga sikelo. Ndinanyamuka ndi malaya awiri ndi khadi la chipani m'thumba, poti zaka zimenezo pachipata cha msika sunkalowa wopanda khadi.

Che Saidi sankalankhula zambiri. Anandiphunzitsa kusenda mbuzi: mpeni umangodula m'miyendo ndi pamimba, kwina konse umakankha ndi chibakera kuti chikopa chisabooke. Anandiphunzitsa kuchotsa ndulu pachiwindi osaiphulitsa, kupachika nyama pambedza, kutema mafupa pachipika ndi chikwanje, ndi kudikira a zaumoyo adinde chidindo ndisanadule paundi yoyamba. Chinthu chimodzi sanandilole kuchigwira, ndicho kuzinga. Ankazinga okha kuseri, mbuzi ataigoneka moyang'ana kumpoto, akunena mawu a Chiarabu chapansipansi. Ine ndine Mkatolika. Ndinkangoti imeneyo ndi nkhani ya iwo ndi Mulungu wawo, monga ine ndimachitira chizindikiro cha mtanda ndisanadye. Sindinkaiona ngati mbali ya malonda.

Patapita zaka zitatu ndinakwatira ku Ulongwe, ndipo ndinaganiza zoyamba butchala yangayanga. Mpamba ndinalibe. Chimene chinalipo ndi mbuzi zitatu za mkazi wanga, Agnesi, zimene anampatsa mayi ake. Ndinamanga kachisakasa pafupi ndi msewu, ndipo ndinapangana ndi Che Wadi, mwalimu wokalamba wa pamzikiti, kuti azindizingira, iwo azitenga khosi. Mbuzi ziwiri zoyamba zinagulidwa bwino, koma ndalama zake zinathera ku sikelo, mbedza, laisensi ndi chakudya cha pakhomo. Yachitatu inali yaikazi. Agnesi anakana masiku awiri, akuti imeneyo ndiyo imabereka, ikapita khola latha. Ndinamulonjeza kuti Lachisanu nyama imatha anthu akangotuluka mumzikiti, ndipo Loweruka ndimugulira ziwiri. Anavomera, koma sanatuluke m'nyumba pamene ndinkaimasula.

Lachisanu lija ndinafika mmamawa, Che Wadi osaoneka. Ndinapita kunyumba kwawo, chitseko chotseka. Ndinabwerera n'kudikira. Dzuwa linakwera, mbuzi ikulira pachingwe, ndipo ndinkadziwa kuti a zaumoyo akadutsa ndi njinga yawo sabweranso tsiku limenelo. Ndinali nditaona kuzinga kambirimbiri. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaigoneka moyang'ana kumpoto, n'kudula ndekha. Ndinasenda bwino kuposa masiku onse. Chidindo chinadindidwa.

Woyamba kubwera anali Abiti Juma, mayi wogulitsa mandasi, amene anagulapo kwa ine kawiri konse. Anasankha nthiti, ndinaika pasikelo. Kenako anafunsa, monga ankafunsira nthawi zonse:

"Wazinga ndani, achimwene?"

"Che Wadi," ndinatero.

"Che Wadi ali ku maliro a mlongo wawo kutsidya kwa Shire chichokereni dzulo. Amuna anga ali nawo komweko."

Sanakalipe. Anabweza mbale yake m'dengu, n'kunena kuti ndikanangoti ndazinga ndekha akanagula sabata yamawa. Anapita.

Masana anthu anatuluka mumzikiti ndi zisoti zawo zoyera. Ankadutsa mbali ina ya msewu. Ena ankandipatsa moni, moni weniweni waulemu, koma osaima. Panalibe woti ndikangane naye, panalibe woti ndimupepese. Ndinatsitsa mtengo, ndinalemba pakatoni ndi khala, osathandiza. Ndinayamba kuyembekezera Akhristu anzanga, mpaka anatulukira mphunzitsi wa ku mishoni amene ndinkaimba naye kwaya. Ndinamuitana ndi dzina. Anaseka, n'kuti: "Iwe, waiwala kalendala? Lachisanu la Lenti ndidye nyama, abambo mfumu andimve fungo?" Ndinali nditaiwaladi. Zaka zitatu ku Ntaja ndinazolowera kuti Lachisanu ndi tsiku la nyama.

Unali mwezi wa Malichi, kotentha ndi chinyontho. Pofika chakumadzulo nyama inayamba kuda m'mbali. Ndinkaingitsa ntchentche ndi nthambi ya mango, dzanja likatopa n'kusintha lina. Kuyanika sikukanatheka, kumwamba kunali mitambo. Woyendetsa lole wina wopita ku Mangochi anagula paundi imodzi, osafunsa kanthu. Malonda a tsiku limenelo anali amenewo.

Ndinakulunga yotsalayo m'masamba a nthochi, n'kuimanga panjinga. Agnesi anaimasula yekha. Anaona miyendo inayi yonse ilipo. Ina tinawamba pamoto, ina tinagawira abale ake, amene analandira akudziwa kuti akudya mbuzi ya mlongo wawo. Sabata yotsatira ndinapita kwa Che Wadi. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma anati sangazingenso pamalo pamene dzina lawo limagulitsa nyama iwo kulibe. Ndinalibenso mbuzi yoti azinge. Sikelo ndinaigulitsa.

Ndinabwerera ku Ntaja kukapempha ntchito yanga yakale. Che Saidi anali atamva kale. Anandipatsa mpeni, n'kunena kuti: "Za mbuzi unandifunsa zonse. Za anthu ogula sunandifunsepo ngakhale tsiku limodzi." Ndinagwiranso kwa iwo zaka zinayi ndisanayesenso zanga.

Masiku ano anthu amabwera kudzandifunsa za kuyamba bizinesi. Sindiwaletsa, koma sindiwalimbikitsanso msanga. Ndimawauza kuti kudziwa ntchito ya manja sikokwanira. Ukhale kaye pansi pa munthu wina mpaka udziwe chifukwa chimene ogula amaimira pa iye, chifukwa nthawi zambiri sichimene iwe ukuganiza. Ngati malonda ako atsamira pa munthu mmodzi, udziwiretu chochita tsiku limene iye kulibe; nthawi zina chochitacho ndi kubwerera kunyumba mbuzi ili yamoyo. Zinthu zikavuta usaname, chifukwa pamalo aang'ono bodza limafika kumsika iwe usanatsuke mpeni. Ndipo usayambire pa chinthu chomaliza cha munthu amene sangathe kukukaniza kachitatu.

Agnesi ndili naye mpaka lero. Nkhaniyi sanaitchulepo, ngakhale pokangana. Mbuzi anadzawetanso patapita zaka, koma khola anamangitsa kwa mchemwali wake, ndipo sindinafunse chifukwa.