Tsiku Limene Apongozi Anandibera Juzi

Apongozi anga ndi akuba, ndipo ndikunena izi ndi ulemu wonse. Foni mutha kuisiya patebulo mpaka izime yokha, mudzaipeza pomwepo. Koma siyani juzi pampando muone.

Utsikana wawo wonse anathera kuchapa ndi kusita pahotela ina. Atapuma ntchito anayamba kuluka bulangete limodzi lomwe mpaka lero silinathe. Ulusi sagula. Amamasula majuzi a anthu a m'banjamo, n'kukulunga ulusiwo pamiyendo ya mpando wozondotsa, kuunyika m'madzi ofunda kuti uwongoke, kenako n'kuluka mzere. Mzere uliwonse ndi munthu. Wotuwa woyambirira ndi malemu amuna awo. Wofiira wokhotakhota ndi amuna anga, akuti ali mwana akatumidwa sankadziwa njira yachidule. Wachikasu wa mabowomabowo ndi mlamu wanga wamkazi, yemwe sasunga chinsinsi ngakhale cha iye mwini. Mwamuna wake, mlendo mnzanga m'banjamo, apongoziwo anamubera juzi ukwati usanathe n'chaka chomwe.

Ine ndiye ayi ndithu. Ana awiri ndabereka m'nyumba imeneyo, majuzi anga ali phee. Anzanga akamadandaula kuti aberedwa ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa kwabasi. Ndinkadzifunsa kuti kodi mayi amenewa amandiwerengera ngati wawo, kapena ndine wongothandiza kutsuka mbale?

Ndiye ndinatchera msampha. Ndinagula juzi yatsopano yapinki, ya mabatani onyezimira, n'kuisiya pampando wawo weniweniwo. Anaipinda bwinobwino n'kukaiika pabedi panga. Ndinaiyanika pafupi ndi windo lawo. Mvula itayamba anaianula, n'kuisita komwe. Manyazi nditawataya, ndinaiponya m'basiketi yawo ya ulusi. Anatuma mdzukulu wawo kuti aibweze, ndi uthenga woti masiku ano ndayamba kuiwalaiwala. Amuna anga anaseka mpaka kutsamwa, akuti bwanji osangowafunsa. Taonani nzeru za abambo! Munthu angapite kukapempha kuti amubere?

Ndinagwa ulesi, n'kubwerera ku juzi yanga yakale yobiriwira, ija ndinabwera nayo pokwatiwa. Mkono umodzi unapsa ndi ayironi, khosi linatanuka chifukwa chokokedwa ndi ana poyamwa. Ndi yomweyo ndinkavala powadikirira apongoziwo kuchipatala atawachita opaleshoni ya mwendo. Yonyansa, koma sindinkaivula.

Tsiku lina m'mawa, kukuzizira kwadzaoneni, ndinaisowa pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Ndinasuzumira pansi pa bedi, palibe. Nditatuluka m'khonde ndinapeza mpando uli chozondoka, miyendo yake itakulungidwa ulusi wobiriwira. Abale, ndinavina ndi beseni m'manja, ana akundiyang'ana ngati mutu wasokonekera. Kuntchito ndinapita wopanda juzi, mano akugundana, yapinki ija osaikumbukira n'komwe. M'basi ndinauza aliyense kuti andibera. Mayi wina anandipepesa n'kundilangiza kuti ndikanene kupolisi, ine ndikungomwetulira ngati chitsiru.

Madzulo ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi a apongozi anga, n'kufunsa chomwe yapinki ija inawalakwira.

“Ija munalibe munthu mkati mwake, mwananga. Ndiluke sitolo ine?”

Ndinafunsanso chifukwa chake anandidikiritsa zaka zonsezi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Nanga munkaivula? Kuphika muli nayo, kugona muli nayo. Ndimati ndifa ndisanaigwire.”

Kenako anatambasula bulangetelo pamiyendo pathu tonse awiri. Ndinafufuza mzere wanga osaupeza. Anandigwira chala n'kuchiika m'mphepete mwa kumtunda, pamene pamakhudza chibwano munthu akafunda. Ulusi wanga sunali pawokha. Anaupota pamodzi ndi wabuluu, wa juzi yawo yomwe ankavala masiku a kuhotela.

“Wangawu watha mphamvu, pawokha ungaduke,” anatero, uku akundipatsa singano zolukira. “Gwirani. Zala zanga zayamba kukana.”

Ndinalira ngati mwana, n'kuluka timfundo tokhota tomwe anatimasula tonse asanatiyamikire n'komwe. Mawa lake ndinayambiranso. Panopa amuna anga agula juzi yakuda, ndipo ndawauza kuti aziivala tsiku lililonse, ikuwakhala bwino kwambiri.